Magalimoto a kukamwa kwakukulu: mafunso ndi mayankho

Aliyense woyenda pamsewu waona kuti nkhope za magalimoto zasintha. Galimoto ya m'ma 1990 inkakhala ndi kampata kopyapyala pakati pa nyali ziwiri, basi. Ambiri a masiku ano akubwera atayasamula kuchokera pa boneti mpaka pansi pa bampala. Ndakhala zaka zambiri ndikukonza magalimoto ndi kuthandiza anthu kusankha yogula, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera, ena pagalaja, ena pafoni munthu ataona chithunzi cha galimoto imene akufuna kuitanitsa ku Japan.

Kodi grille ntchito yake yeniyeni n'chiyani?

Ndi khomo la mphepo. Injini ya petulo kapena dizilo ikamalira, mphamvu yambiri ya mafuta siifika kumatayala, imasanduka kutentha. Kutentha kwina kumatuluka ndi utsi ku ekizozi, kwina kumatengedwa ndi madzi amene amazungulira mu injini n'kukakutula ku rediyeta. Rediyetayo ndi timapaipi tambirimbiri tokutidwa ndi timasamba topyapyala ta chitsulo, ndipo madzi sazizira pokhapokha mphepo itadutsa pakati pa timasambato.

Pa magalimoto oyambirira rediyeta inkakhala poyera, ndiyo inali nkhope ya galimoto. Misewu ya nthawi imeneyo inali ya miyala, ndipo mwala umodzi unkatha kuiboola, madzi n'kutayika. Ndiye anayamba kuika chotchinga kutsogolo kwake, chogwira ntchito ngati sefa: mphepo idutse, mwala utsale. Chotchingacho ndicho grille. Posakhalitsa opanga magalimoto anazindikira kuti pamenepa ndi pamene diso la munthu limayamba kugwera, ndipo aliyense anafuna kuti pakhale pakepake. Rolls-Royce inaumba yake ngati khomo la kachisi wakale wa nsanamira, Alfa Romeo ngati chishango, Jeep inakhazikika pa mipata isanu ndi iwiri yoimirira, ndipo BMW inayamba ndi zibowo ziwiri zooneka ngati impso pa galimoto yake ya 303 mu 1933.

Ndiye kuti injini zamakono zimatentha kwambiri kuposa zakale?

Choona chilipo, koma chochepa. Kuseri kwa mphuno ya galimoto yamakono kuli zinthu zingapo zolimbirana mphepo imodzimodziyo: rediyeta, kondensa ya AC (yotulutsa kutentha kwa makina oziziritsa m'galimoto), intercooler ya turbo (yoziziritsa mphepo yolowa mu injini), ndipo ena ali ndi chozizitsira oilo wa giyabokosi. Injini zambiri zachepa msinkhu koma zikutulutsa mphamvu zochuluka, zitapanikizidwa m'malo ochepa. Pikapu yokoka ngolo yolemera imafunadi mphepo yambiri.

Koma zimenezi sizikwana kufotokoza kukula kumene tikukuonaku. Tsiku lina bambo wina anabwera ndi galimoto yake yongofika kumene, akunena motsimikiza kuti singatenthe chifukwa kutsogolo konse n'kotsegula. Ndinawapempha kuti tigwade tonse awiri, n'kuyatsa tochi ya foni. Ndinati alowetse chala m'timabowo ta m'mphepete. Chala chinangolowa pang'ono n'kugunda. Anayesa kwina, chimodzimodzi. Timabowo tambiri tinali togontha, pulasitiki yakuda youmbidwa kuti izioneka ngati ukonde. Pakati panali popingasa chitsulo cha bampala, chimene chimalandira nkhonya galimoto ikagunda, ndipo mphepo singadutse pamenepo. Malo otseguladi anali kampata kapamwamba ndi kena kapansi, pafupi ndi nambala. Bamboyo anadzuka akupukuta mawondo, ali chete.

Pali umboni wina. Magalimoto ambiri amakono ali ndi timazenera kuseri kwa grille, timene kompyuta ya galimoto imatsegula ndi kutseka yokha. Injini ikakhala yozizira m'mawa, kapena galimoto ikamathamanga pamsewu woongoka, timazenerato timakhala totseka, chifukwa mphepo imene ikulowa kwina yakwana kale. Munthu sangavutike kupanga chitseko chotseka khomo limene likuchepa.

Ndiponso taganizirani minibasi ya Hiace. Injini yake ili pansi pa mpando wa dalaivala, kukamwa kwake n'kochepa, koma imakwera mtunda wa Chikwawa itadzaza anthu ndi matumba, tsiku ndi tsiku. Ku France, Citroën DS ya 1955 inkakokera mphepo pansi pa bampala, mphuno yake ili yosalala. Volkswagen Passat ya 1988 inatuluka yopanda grille pakati pa nyali, ndipo inkayenda bwinobwino. Mu 1993 anaibwezera grille, osati chifukwa cha kutentha, koma kuti ifanane nkhope ndi abale ake.

Nanga ngati si mphepo, chakulitsa magrille n'chiyani?

Zifukwa zake n'zolukanalukana, koma chachikulu n'chakuti magalimoto ayamba kufanana kwambiri thupi. Onse amayesedwa kuti azing'amba mphepo mosavuta, onse amatsata malamulo ofanana a chitetezo, ndipo makampani ambiri amamanga mitundu ingapo pa chimango chimodzi. Mukaika ma SUV asanu pamzere n'kuwayang'ana cham'mbali, zizindikiro zitachotsedwa, ngakhale makaniko amasokonezeka. Malo amene atsala oti kampani inenepo dzina lake mokweza ndi kumaso. Akufuna kuti mukaona galimoto pa kagalasi koonera kumbuyo, kapena pa kachithunzi kakang'ono pafoni, muidziwe nthawi yomweyo.

Chachiwiri, mphuno yeniyeniyo yatalika. Anthu asiya magalimoto afupi n'kuthamangira ma SUV ndi mapikapu. Komanso kuyambira 2005 malamulo a ku Ulaya oteteza oyenda pansi akhala akufuna kuti pakati pa boneti ndi injini pazikhala mpata, kuti mutu wa munthu ukamenya boneti, chitsulocho chibonyoke m'malo mogunda injini yolimba. Mpata umenewo unakweza boneti. Nthawi yomweyo nyali za LED zinalola kuti maso a galimoto akhale opyapyala ngati mzere. Tsono wojambula galimoto watsala ndi khoma lalikulu kutsogolo, nyali zachepa, ndipo khomalo likasiyidwa lopanda kanthu galimoto imaoneka yotupa. Njira yapafupi ndi kulidzaza ndi chinthu chakuda chooneka ngati bowo.

Chachitatu n'choti pamenepo pakubisala zida: radar yoyeza mtunda wa galimoto yakutsogolo, kamera, ndi timasensa toimikira. Zida zimenezi n'zazing'ono, sizifuna malo aakulu chotero, koma pulasitiki yakuda imazibisa bwino.

Ndipo pali chachinayi chimene makampani sakonda kuchitchula poyera. Nkhope yaikulu, yokwiya, imagulitsa. Pali ogula amene amafuna kuti akatulukira kumbuyo kwa mnzawo, mnzawoyo apatuke yekha asanaimbiridwe hutala.

Anayambitsa zimenezi ndani?

Palibe mmodzi woti tingamuloze chala. Ku America m'ma 1950 magalimoto ankanyezimira mano achitsulo, ndipo Buick ya 1950 inali ndi mano otsika mpaka kuphimba bampala. Ford inatulutsa Edsel mu 1957 ili ndi grille yoimirira pakati imene anthu anaiseka kwambiri, ndipo pofika kumapeto kwa 1959 mtunduwo unathetsedwa, ngakhale kuti zoupha zinali zambiri, osati nkhope yokha. Kenako kunabwera nyengo ya mphuno zosalala, makamaka m'ma 1980, mafuta atakwera mtengo ndipo aliyense akuganiza zong'amba mphepo.

Funde limene tilimoli lili ndi magwero angapo. Mu 1994 Dodge Ram inatuluka itatengera nkhope ya mathiraki akuluakulu, ndipo mapikapu a ku America akhala akupikisana kutalika mphuno kuyambira pamenepo. Cha mu 2004 Audi inalumikiza grille yapamwamba ndi yapansi kukhala chinthu chimodzi chachikulu, chimene anachitcha Singleframe. Anthu poyamba anadabwa, kenako anazolowera, ndipo makampani ena anaona kuti n'zotheka. Lexus inatsatira mu 2012 ndi GS, itabweretsa grille yotambalala pamwamba ndi pansi koma yopanikizika m'chiuno, ngati mtondo wosinjira. Chaka ndi chaka mtondowo unkakula, mpaka pa LX 600 ya 2021 mipiringidzo yake inadzaza pafupifupi nkhope yonse. Ku Japan komweko Toyota Alphard ya 2015 inabwera ndi chikhoma chonyezimira, ndipo inagulidwa kwambiri.

N'chifukwa chiyani BMW ndiyo imatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi?

Chifukwa impso zake anthu ankazikonda, ndipo chinthu chokondedwa chikasinthidwa chimapweteka. Kwa zaka zambiri, makamaka pa 3 Series ndi 5 Series za m'ma 1980 ndi 1990, impsozo zinali zazing'ono, zokhala mwaulemu pakati pa nyali zinayi zozungulira. Mu 2019 kampaniyo inakonzanso 7 Series n'kunena yokha kuti grille yakula ndi pafupifupi 40 peresenti. X7 inabwera ndi yaikulu chimodzimodzi. Chaka chomwecho pa chionetsero cha ku Frankfurt anaonetsa Concept 4, impso zake zitaimirira kuchokera pa boneti mpaka pansi. Ambiri ankaganiza kuti n'zachionetsero chabe, koma mu 2020 4 Series yogulitsa inatuluka ili choncho, kenako M3 ndi M4. Pa intaneti panali phokoso: ena ankati ndi mphuno ya nkhumba, ena mano a mbira. Chinawonjezera mkwiyo ndi nambala, imene inasowa pokhala n'kungopingasa pakati pa impsozo.

Akuluakulu ojambula magalimoto a kampaniyo panthawiyo, Adrian van Hooydonk ndi Domagoj Dukec, sanabwerere m'mbuyo. Mfundo yawo inali yakuti impso zoimirira si zachilendo, BMW 328 ya 1936 inali nazo, ndipo galimoto ngati 4 Series siyenera kukondweretsa aliyense. Pa mbiri sananame. Impsozo zakhala zikusintha kuyambira kale, ndipo pa 507 ya m'ma 1950 zinali zogona, zotambalala. Koma pa 328 zinali zazitali chifukwa rediyeta ya kumbuyo kwake inali yaitali ndi yopyapyala. Maonekedwe ankatsata chimene chinali m'kati. Apa m'pamene ine ndimasiyana nawo, chifukwa pa zamakonozi nkhope ikunena china, zam'kati zikunena china.

Makampani ena ang'onoang'ono anapezerapo malonda, n'kuyamba kugulitsa mabampala obwezera impso zazing'ono. Koma magalimotowo anagulidwabe, ndipo eni ake ambiri amati patapita miyezi anasiya kuziona.

Ndimamva kuti zonsezi n'chifukwa cha ogula a ku China. N'zoona?

Mbali ina. China yakhala msika waukulu kwambiri wa magalimoto padziko lonse kuyambira 2009, pamene inapitirira America, ndipo magalimoto apamwamba a ku Germany amagulidwa kwambiri kumeneko. Kampani imamvera kumene kukuchokera ndalama. Magalimoto apamwamba opangidwa komweko, monga Hongqi H9, nawonso ali ndi grille yaikulu yonyezimira. Koma kusenzetsa dziko limodzi mlandu wonse n'kulakwa. Chevrolet Silverado ndi Toyota Tundra zinapangidwira ogula a ku America. Alphard, Voxy ndi Esquire zinapangidwira mabanja a ku Japan. Ndipo ifenso kuno, tinene zoona, galimoto yonyezimira kumaso timaipatsa ulemu pa ukwati ndi pamaliro pomwe.

Galimoto yamagetsi ilibe rediyeta yaikulu. Grille ikutaninso pamenepo?

Batire ndi mota zimafunanso kuziziritsidwa, koma kutentha kwake n'kochepa poyerekeza ndi kwa injini yoyaka mafuta, moti kampata kapansi kamakwana. Tesla Model S inayamba mu 2012 ili ndi chigamba chakuda chooneka ngati grille, kuti anthu asaione yachilendo. Mu 2016 anachichotsa, ndipo Model 3 inabadwa yopanda. Makampani akale zinawavuta kutero, chifukwa dzina lawo lili pankhope. Mercedes EQS ili ndi chigalasi chakuda pamalo a grille. BMW iX ya 2021 ili ndi impso zazikulu zotsekeratu, kumbuyo kwake kuli kamera ndi radar, ndipo anazikuta ndi pulasitiki imene timikwingwirima ting'onoting'ono timatsekeka tokha ikafunda. Ena afika poika nyali m'mphepete mwa grille kuti iziwala usiku. Pamenepa palibenso amene akunamizira mphepo. Chasanduka chikwangwani.

Kodi grille yaikulu imadyetsa mafuta?

Ikakhala yotseguladi, inde, pang'ono. Mphepo yolowa m'chipinda cha injini imagundagunda zinthu, ndipo imakoka galimoto m'mbuyo kuposa mphepo yongotsetsereka pamwamba pa boneti. N'chifukwa chake opanga amagonthetsa timabowo tambiri ndi kuika timazenera tija. Chimene chimadya mafuta kwambiri ndi kutalika, kutambalala ndi kulemera kwa galimoto yonse.

Kupatula maonekedwe, pali choopsa chilichonse?

Funso ili ndi limene ndimafuna anthu azifunsa poyamba. Kukongola ndi kunyansa aliyense ali ndi maso ake, ndipo sindikangana ndi munthu pa zimenezo. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi khoma limene grille yaikuluyo yamatidwapo, kutalika kwake ndi kuimirira kwake.

Galimoto yaifupi ya mphuno yotsetsereka ikagunda munthu wamkulu, imamumenya m'miyendo, ndipo iye amagwera pa boneti. Amavulala, nthawi zina kwambiri, koma boneti imabonyoka n'kumwa mphamvu ina. Galimoto ya mphuno yaitali yoimirira imamumenya m'chiuno, m'mimba kapena pachifuwa, pamene pali ziwalo zosunga moyo, n'kumukankhira kutsogolo, pansi, kumene matayala akubwera. Kwa mwana, mphunoyo ili pa msinkhu wa mutu.

Izi zinayezedwa. Mu 2023 bungwe la ku America la Insurance Institute for Highway Safety linaunika ngozi pafupifupi 18,000 za oyenda pansi. Linapeza kuti magalimoto amene boneti yake yatalika kupitirira masentimita 102 ali ndi mpata wopha munthu wochuluka ndi pafupifupi 45 peresenti poyerekeza ndi amene boneti yake siipitirira masentimita 76 ndipo ndi yotsetsereka. Ngakhale a msinkhu wapakati, akakhala ndi nkhope yoimirira ngati khoma, mpatawo unakwera ndi pafupifupi 26 peresenti. M'dziko lomwelo oyenda pansi oposa 7,500 anafa pamsewu mu 2022, chiwerengero chimene chinali chisanaonekeko kwa zaka pafupifupi 40. Zifukwa zake n'zambiri, liwiro, mdima, mafoni, koma kukula kwa magalimoto kuli m'gulumo. Ku Ulaya bungwe la Transport & Environment linanena mu 2025 kuti boneti ya galimoto yatsopano yakwera kuchoka pa masentimita pafupifupi 77 mu 2010 kufika pafupifupi 84 mu 2024, ndipo linapempha kuti pakhale malire.

Palinso nkhani ya zimene dalaivala saona. Mayi wina atagula SUV yaitali, ndinawakhazika pa chiwongolero, mpando atausintha mmene amayendetsera. Ndinasanjikiza makireti awiri a zakumwa, msinkhu wa mwana amene wangoyamba kuyenda, n'kuwaika pafupi ndi bampala. Ndinafunsa ngati akuona kanthu. Anati ayi. Ndinawakokera kutsogolo phazi limodzi, ayi. Lina, ayi. Ndinapitiriza mpaka pamene anati akuona nsonga yake, ndipo atatsika n'kuona mtunda umene unali pakati pa bampala ndi makiretiwo, anagwira pakamwa. Kunyumba kwawo kuli ana aang'ono amene amathamangira kugeti akamva galimoto ikubwera. Kuyambira tsiku limenelo ndimachita zimenezi ndi aliyense wogula galimoto yaitali.

Tinene mwachilungamo, grille payokha siipha munthu. Pulasitiki yake imasweka msanga kuposa chitsulo, ndipo BMW 4 Series, ngakhale ili ndi impso zazikulu, ndi galimoto yaifupi. Vuto ndi fasho imene grille yaikulu yabwera nayo, yoti nkhope ya galimoto iziima njo ngati chipupa kuti izioneka yamphamvu.

Izi si nkhani za ku Ulaya ndi ku America? Ife zikutikhudza pati?

Zimene zajambulidwa ku Nagoya ndi ku Munich zimatipeza patapita zaka, zitadzera pa doko la Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Alphard, Vellfire, Voxy ndi Esquire zimene zinali zatsopano ku Japan zaka khumi zapitazo ndi zimene zikudzaza misewu yathu lero, ndipo Noah ndi Voxy za 2022, za kukamwa kokulirapo, zili m'njira. Mapikapu sachedwa n'komwe, chifukwa Hilux imapangidwa ku Durban ndipo Ford Ranger ku Silverton, ku Pretoria. Hilux anaikulitsa nkhope mu 2020, Land Cruiser 300 inabwera mu 2021, Ranger yatsopano mu 2022, zonse zili ndi mphuno zazitali zoimirira.

Kusiyana kwake n'kwakuti misewu yathu ndi ya anthu oyenda pansi. M1 imadutsa pakati penipeni pa misika. Fikani pa Lizulu kapena pa Mponela tsiku la msika muone: amayi a madengu a tomato, akabaza, ana a sukulu, ogulitsa chimanga chootcha, onse ali m'mphepete mwa phula, malo oyenda apansi palibe, ndipo usiku magetsi kulibe. Galimoto imene ku Japan inkayenda pakati pa mipanda ndi maloboti, kuno ikudutsa mkono umodzi kuchokera pa mwana wobereka mnzake kumbuyo. Sindikunena kuti anthu asagule mapikapu. Amene amapita kumidzi nthawi ya dzinja akudziwa chifukwa chake galimoto yaitali imafunika. Ndikunena kuti woyendetsa galimoto yotere adziwe chimene wanyamula kutsogolo, ndipo akafika pa msika phazi lichoke pa moto.

Ndimayenda kotentha, ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Ndisankhe ya grille yaikulu kuti isamatenthe?

Ayi, musasankhire zimenezo. Magalimoto amene ndawaona atawira pa mtunda wa Thabwa, pa Golomoti kapena pa Chiweta, vuto lake silinali kuchepa kwa khomo la mphepo. Kawirikawiri ndi rediyeta yotsekeka, kunja kapena m'kati. Kunja imatsekeka ndi fumbi, njere za udzu, ndi tizilombo. Yendani usiku umodzi mvula yoyamba itagwa, ngumbi zikuuluka, m'mawa mukasuzumire pa kondensa: mupeza mapiko ataphatikana ngati chikopa. Pakati pa kondensa ndi rediyeta pamaunjikana zinyalala zimene simungazione osamasula. M'kati imatsekeka ndi dzimbiri chifukwa chothira madzi a pamjigo opanda coolant, mankhwala a mu rediyeta oteteza dzimbiri. Zina ndi fani yosazungulira, chivindikiro cha rediyeta chotha mphamvu, kapena thermostat (kachitseko kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta) yomata.

Tsukani rediyeta ndi madzi osathamanga kwambiri, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo ngati n'kotheka, chifukwa madzi a mphamvu amapinda timasamba. Musalole kuti wina achotse timapulasitiki totsogolera mphepo tozungulira rediyeta n'kunena kuti n'topanda ntchito. Timeneto ndi timene timakakamiza mphepo kudutsa mu rediyeta m'malo moilambalala. Ndipo ngati galimoto yanu ili ndi timazenera totseka tokha, onetsetsani kuti sitinamatirire totseka ndi matope.

Ikasweka, kukonza kwake n'kotani?

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Grille yofika pansi imalandira chilichonse: miyala ya pamsewu umene ukukonzedwa, mbuzi yodumphira mwadzidzidzi, chitsa chobisika mu udzu, njinga yamoto yobwerera m'mbuyo pa mzere wa mafuta. Ngati timabowo take n'totakata, mwala umadutsa n'kuboola kondensa kapena intercooler.

Kale grille inali kachidutswa kapadera ka masikuluwu anayi, ndipo ukapita kwa ogulitsa masipeya ku Ndirande kapena ku Biwi unkabwera nako m'manja. Zamakono zambiri n'zolumikizana ndi bampala, zogwidwa ndi timano ta pulasitiki timene timathyoka pomasula, ndipo mtundu umodzi wa galimoto umatha kukhala ndi nkhope zitatu kapena zinayi malinga ndi chaka ndi giredi. Ndinasungapo galimoto ya munthu pagalaja milungu yambiri chifukwa wogulitsa wina kunja anatitumizira grille ya chaka cholakwika, yosiyana timano tiwiri tokha. Poitanitsa, tumizani nambala ya chasisi ndi chithunzi, osangotchula dzina la galimoto.

Chodula kwambiri ndi radar. Pa magalimoto ambiri a Toyota a kuyambira cha mu 2015 okhala ndi zida zothandiza kupewa ngozi, radar imakhala kuseri kwa chizindikiro cha pa grille, ndipo chizindikirocho n'chapadera, chosalala ngati galasi, chopangidwa kuti mafunde azidutsa. Mukaikapo chizindikiro wamba, kapena radar ikapendekeka pang'ono pomanga, nyali yochenjeza imayaka ndipo mabuleki odzigwira okha amasiya kugwira ntchito, kapena amagwira pamene sipafunika. Ikasunthidwa imafuna kuikonzanso ndi makina. Musanagule galimoto yotere, funsani ngati m'tauni yanu muli amene amatha ntchito imeneyo.

Ndingasinthe grille, kapena kuikapo bull bar, chitsulo chotchinga kutsogolo, kuti itetezeke?

Kusintha grille n'kotheka ngati yatsopanoyo siitseka malo enieni olowera mphepo ndipo siiphimba radar kapena kamera. Waya wa timabowo ting'onoting'ono womangidwa kuseri kwake amathandiza kutchinga miyala, bola muziutsuka, chifukwa nawonso umagwira udzu. Nyali zowonjezera ndi nambala musaziike pakati pa kampata kapansi, pamene pamalowa mphepo yambiri.

Za bull bar ndimalankhula mosabisa. Kwa amene amayenda m'tchire, kumene ng'ombe ndi nyama zimadutsa usiku, ndikumvetsa. Koma chitsulo cholimba chowotcherera pa galimoto yoyenda m'tauni chimafafaniza zonse zimene opanga anachita kuti mphuno izibonyoka ikagunda munthu, ndipo chosapangidwira galimotoyo chimatha kusokoneza nthawi imene ma airbag amaphulika. Ku Ulaya anakhwimitsa malamulo a zitsulo zoterezi pa chifukwa chomwechi. Grille ikasweka mugula ina, ngakhale modula. Musaiteteze ndi chinthu chimene chidzathyole nthiti za wakabaza.

Kodi fasho imeneyi idzatha?

Zizindikiro zilipo kuti yafika pachimake. Lexus RX ya 2022 inasungunula theka lapamwamba la mtondo uja kukhala mtundu wa thupi la galimoto. Toyota Prius yatsopano, imene inaonetsedwa kumapeto kwa 2022, ili ndi mphuno yaifupi yosongoka ndi kampata kopyapyala. BMW yeniyeniyo, pa iX3 imene inaonetsa ku Munich mu 2025, inabwezera impso zazing'ono zoimirira, zokumbutsa magalimoto ake a m'ma 1960. Magalimoto ambiri amagetsi ochokera ku China akubwera ndi nkhope zosalala, dzina la kampani likunenedwa ndi nyali.

Koma grille ikhoza kuchepa khoma n'kutsala. Ma SUV amagetsi ambiri alibe bowo kumaso, komabe mphuno yake ndi yaitali, yoimirira, ndipo batire yawawonjezera kulemera. Pa mapikapu ndi ma SUV akuluakulu sindikuona kusintha. Komanso kuno timalandira mochedwa, moti magalimoto amene anajambulidwa fashoyi ili pachimake, a pakati pa 2018 ndi 2023, ndi amene adzakhale akutsika pa Songwe ndi pa Mwanza zaka zikubwerazi.

Ndikufuna kugula galimoto yotere. Ndiyang'ane chiyani?

Imani pafupi ndi mphuno yake muone pamene m'mphepete mwa boneti mwakufikani, pantchafu, m'chiuno kapena pachifuwa. Gwadani ndi tochi muone malo otseguladi, ndipo muyang'ane ngati timasamba ta kondensa tili toongoka komanso ngati palibe zizindikiro za oilo kapena madzi odontha. Gwedezani grille ndi dzanja. Ikamagwedera, kapena mukaona timalamba ta pulasitiki ndi guluu kuseri, galimotoyo inagundapo, ndiye funsani za radar. Lizani injini muone ngati nyali zonse zochenjeza zikuzima. Funsani mtengo wa bampala ndi grille ya chaka chimenecho musanalipire galimoto.

Kenako khalani pa chiwongolero, musinthe mpando mmene mumayendetsera, ndipo mnzanu aike chigubu cha malita 20 patsogolo pa bampala. Azichikokera kutsogolo pang'onopang'ono mpaka mutachiona. Tsikani, muyeze mtundawo ndi mapazi anu, ndipo mukafika kunyumba mukawaonetse ana pamene sayenera kuima galimoto ikamalowa pageti.